A HEINRICH NORDHOFF, MUNTHU AMENE ANAUTSA KAMPANI YA VOLKSWAGEN PA MABWINJA

Anthu acikulire ambiri muno m'Zambia akumbukira kagalimoto kobulungira msana ngati kamba, kokhala ndi injini kumbuyo, kamene kulira kwace kunali kudziwika kasanatulukire pa mphambano. Dzina lace ndi Volkswagen, ndipo Angelezi anakacha Beetle, ndiko kuti cikumbu. Akumbukiranso mbale wace, Kombi, amene ananyamula anthu ndi katundu m'miseu ya m'matauni ndi ya kumidzi. Magalimoto amenewa anatsala pang'ono kutha asanayambe n'komwe kugulitsidwa, pakuti nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha m'caka ca 1945, fakitale yace inali bwinja ndipo panalibe kampani imene inaifuna. Munthu amene anaitenga iri yosauka naisandutsa kampani ya magalimoto yaikulu koposa m'Ulaya ndi a Heinrich Nordhoff, amene anaitsogolera zaka 20, kuyambira 1948 kufikira imfa yao mu 1968. Mbiri yao iri ndi zoyamikika, iri ndi banga la m'nthawi ya nkhondo, ndiponso iri ndi colakwa ca ku ukalamba cimene cinaika kampaniyo pa ngozi kaciwiri.

Ubwana ndi maphunziro

A Nordhoff anabadwa pa 6 Januwale 1899 m'tauni ya Hildesheim m'dziko la Germany. Atate ao anali kugwira nchito ya m'banki, ndipo banjalo linali la mpingo wa Katolika. Akali mnyamata, banja lonse linasamukira ku Berlin, likulu la dzikolo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inawapeza ali pa sukulu, ndipo atakwana msinkhu analowa usilikali nabvulala ku nkhondoko. Mtendere utabwera anabwerera ku maphunziro, nalowa sukulu yaikulu ya za makina ya ku Berlin, kumene anatsiriza m'caka ca 1927.

Nchito yao yoyamba anaipeza ku kampani ya BMW m'mzinda wa Munich, kumene anali kuthandiza kukonza mainjini a ndege. Sanakhalitseko. M'caka ca 1929 anapita ku kampani ya Opel ku Rüsselsheim, imene inali itangogulidwa ndi kampani ya ku America yochedwa General Motors. Kumeneko anawaika m'cigawo cosamalira anthu amene agula kale galimoto, ndiko kuona kuti magalaja ali ndi zitsulo zosinthira, amakaniko aphunzitsidwa bwino, ndipo mabuku ofotokoza kakonzedwe ka galimoto alembedwa momveka. Ambiri anali kuiyesa nchito yonyozeka imeneyi, koma ndiyo inawaphunzitsa cinthu cimene anacigwiritsa moyo wao wonse, cakuti wogula amabwereranso kwa munthu amene anamthandiza tsiku limene galimoto yace inafera pa njira. Kampaniyo inawatumizanso ku America kukaona m'mene mafakitale a General Motors anali kupangira magalimoto ambiri pa nthawi yocepa, ndi m'mene anali kuwagulitsira. Pofika 1936 anali atakwera pa maudindo, ndipo ndiwo anaonetsa kwa anthu galimoto yaing'ono yatsopano ya Opel yochedwa Kadett.

Banga la nkhondo

Pa nthawi imeneyo Adolf Hitler anali atatenga kale ulamuliro wa Germany. Nkhondo itabuka mu 1939, mafakitale onse anatembenukira ku nchito ya asilikali. M'caka ca 1942 a Nordhoff anasankhidwa kukhala mkulu wa fakitale ya Opel ya ku Brandenburg, imene inali kupanga malole ochedwa Opel Blitz, onyamula asilikali ndi zida za gulu lankhondo la Germany. Inali fakitale ya malole yaikulu koposa m'Ulaya. Popeza amuna ambiri a m'dzikolo anali ku nkhondo, boma la Hitler linagwira anthu m'maiko amene linagonjetsa ndi kuwagwiritsa nchito mokakamiza, ndipo ambiri otere anagwira m'fakitale imene a Nordhoff anali kuyang'anira. Iwo sanalowe cipani ca Nazi, koma anatumikira nkhondo yace mwa luso lao lonse, ndipo boma linawapatsa dzina laulemu limene linali kupatsidwa kwa atsogoleri a mafakitale ofunika pa nkhondo.

Mu Ogasiti 1944 ndege za adani zinaphwanya fakitaleyo ndi mabomba, ndipo nkhondo itatha asilikali a ku Russia anazula makina otsala napita nao kwao. Dziko la Germany linagawidwa panai, cigawo ca America, ca Britain, ca France ndi ca Russia. Likulu la Opel linali m'cigawo ca America, ndipo akuluakulu a kumeneko analetsa a Nordhoff kukhala pa udindo uliwonse waukulu cifukwa ca dzina laulemu lija. Munthu amene anali kulamulira anchito zikwizikwi anatsala wopanda nchito ndi wopanda nyumba, ali ndi mkazi ndi ana awiri akazi. Potsiriza anapeza malo ku Hamburg, m'cigawo ca Britain, pa galaja ya munthu wogulitsa magalimoto a Opel.

Fakitale yopanda mwini

Kuti nkhani imveke bwino, afunika kudziwika magwero a Volkswagen. Dzinali m'Cijeremani litanthauza galimoto ya anthu wamba. Hitler analonjeza kuti banja lirilonse la m'Germany lidzakhala ndi galimoto yochipa, ndipo katswiri wina, a Ferdinand Porsche, ndiye anaijambula. Mwala woyamba wa fakitale unaikidwa pa 26 Meyi 1938 pa malo a thengo pafupi ndi Fallersleben, ndipo pambali pace anayamba kumanga tauni ya anchito. Mtengo wa galimoto unaikidwa pa ndalama za kumeneko zochedwa Reichsmark 990, ndipo munthu anali kupereka 5 sabata iriyonse, namata masitampa pa khadi kufikira litadzala. Anthu oposa 330,000 analowa m'cikonzero cimeneci, koma palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene analandira galimoto. Fakitale inapanga magalimoto a asilikali ndi zida zina, ndipo anthu pafupifupi 20,000 ogwidwa m'maiko ena, akaidi a nkhondo ndi a m'misasa yacibalo, anagwiritsidwa nchito mmenemo mwa nkhanza, ena nafera momwemo.

Mu 1945 tauni ija inachedwa dzina latsopano la Wolfsburg, ndipo inagwera m'manja mwa asilikali a Britain. Mbali yaikulu ya nyumba za fakitale inali itagumuka ndi mabomba, koma makina ambiri anali atapulumuka. Msilikali wacinyamata wa udindo wa Major, a Ivan Hirst, anatumidwa kukayang'anira malowo mu Ogasiti caka comweco. Iwo anapeza galimoto imodzi, naipaka utoto wobiriwira wa asilikali, nakaionetsa kwa akuluakulu ao amene anali kusowa zoyendera. Akuluakuluwo anaitanitsa magalimoto 20,000, ndipo cifukwa ca ici fakitale sinazulidwe monga zinacitikira ndi mafakitale ena. Pofika kumapeto kwa 1945 anali atapanga magalimoto 1,785, ndipo mu 1946 anapanga oposa 10,000 pang'ono.

Komabe zinthu zinali zobvuta. Anchito anali ndi njala, zitsulo ndi malasha zinali kusowa, ndipo mvula inali kudontha pa makina. Cisanu coopsa ca kuciyambi kwa 1947 cinatseketsa fakitale kwa masabata ambiri, kotero kuti caka cimeneco magalimoto sanakwane 9,000. Akatswiri a makampani a ku Britain amene anabwera kudzaiyesa galimotoyo anaweruza kuti ndi yosaoneka bwino, yaphokoso, ndipo ogula sadzaifuna. Angelezi anadziwa kuti sadzakhala m'Germany mpaka muyaya, motero anafuna Mjeremani wodziwa nchito ya magalimoto kuti atenge udindo. A Hirst atakambirana ndi a Nordhoff anaona kuti munthu ndi yemweyu, ndipo pa 1 Januwale 1948 a Nordhoff anakhala mkulu wa kampani ya Volkswagen ali ndi zaka pafupifupi 49.

Zaka zoyamba

Cinthu codabwitsa ndi cakuti pamene anali ku Opel, a Nordhoff sanali kuikonda galimoto imeneyi, popeza inali ya opikisana nao. Ngakhale atafika ku Wolfsburg ananena poyera kuti zilema zace zinali zocuruka kuposa utitiri wa pa galu. Koma anaonanso kuti maziko ace anali abwino. Injini yace inali kuzizira ndi mphepo, motero sinafune madzi, sinali kuwira pa dzuwa kapena kuuma ndi cisanu. Kulemera kwa injini kunali pa mawilo akumbuyo amene amakankha galimoto, ndipo ici cinaithandiza kudutsa pa mcenga ndi pa matope pamene zina zinali kutitimira. Makaniko anali kutha kutsitsa injini yonse pomasula mabauti anai okha ndi zingwe zowerengeka. Cifukwa ca ici anatsimikiza mtima kuti kampani isataye ndalama popanga mitundu yambiri ya magalimoto, koma igwire mtundu umodzi womwewo ndi kuukonza pang'onopang'ono caka ndi caka.

Miyezi yoyamba anali kugona m'kacipinda ka pafupi ndi ofesi yao m'fakitale momwemo. Anapeza kuti galimoto imodzi inali kudya maola a nchito oposa 300, ndipo anauza anchito kuti ngati kampani iti ikhale ndi moyo, ciwerengero cimeneci ciyenera kutsika kufika pa 100. Ambiri anaganiza kuti ndi maloto, koma patapita zaka zowerengeka zinatheka. Anakhazikitsa dongosolo lowerengera mtengo wa citsulo ciriconse, cinthu cimene kampaniyo inalibe, ndipo anacurukitsa anthu oyesa galimoto iriyonse isanaturuke pa cipata. Anali ndi cizolowezi cosonkhanitsa anchito onse ndi kuwafotokozera m'mene kampani inali kuyendera, zabwino ndi zoipa zomwe.

Mwai unawathandizanso. Pa 20 Juni 1948 ndalama yakale imene inalibe mphamvu inacotsedwa, ndipo m'malo mwace munabwera Deutsche Mark. Amalonda amene anali kubisa katundu anayamba kugulitsa, zitsulo zinayamba kupezeka, ndipo malipiro a anchito anakhala ndi tanthauzo. M'caka ca 1948 fakitale inapanga magalimoto 19,244, ndipo mu 1949 inapanga oposa 46,000. Mu Okutobala 1949 Angelezi anapereka kampaniyo m'manja mwa boma latsopano la West Germany ndi boma la cigawo ca Lower Saxony. Popeza bungwe la cipani ca Nazi limene linali mwini wace linali litathetsedwa, panalibe eni oti agawane phindu, ndipo a Nordhoff anabweza ndalama zonse m'fakitale, nagula makina atsopano ndi kumanga nyumba zina.

Kukonza kuja kunapitirira kosalekeza. Mu 1949 anaturutsa mtundu wopakidwa bwino wogulitsa kunja, mu 1950 anauika mabuleki a mafuta m'malo mwa a zingwe, mu 1953 zenera lakumbuyo limene linali logawika pawiri linakhala limodzi, ndipo mu 1954 injini inakulitsidwa. Munthu woona patali anali kuyesa kuti galimoto ndi yomweyo, koma mkati mwace zitsulo zambiri zinali zitasintha. Mtengo unali kutsika pamene magalimoto anali kucuruka. Mu 1948 galimoto inali kugulidwa pa Deutsche Mark 5,300, koma mu 1955 ya mtundu wamba inafika pa 3,790.

Malonda a kunja

A Nordhoff anadziwa kuti anthu a m'Germany anali osauka pa nthawiyo, ndiponso kuti makina abwino anali kugulidwa ndi ndalama zakunja. Motero anaika mtima pa kugulitsa m'maiko ena. Wamalonda wa ku Netherlands, a Ben Pon, anali atayamba kale kugula magalimotowa mu 1947, ndipo ndiwo anajambula pa kapepala cithunzi ca galimoto yonga bokosi yonyamula katundu. A Nordhoff anabvomera ganizolo, ndipo mu Marichi 1950 fakitale inayamba kupanga galimoto imene anthu ambiri aidziwa ndi dzina la Kombi.

Ku America zinthu zinayamba moipa. M'caka ca 1949 anagulitsako magalimoto awiri okha, pakuti anthu a kumeneko anali kukonda magalimoto akuluakulu onyezimira, ndipo ambiri sanafune cinthu cokumbutsa Hitler. A Nordhoff sanataye mtima. Akulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulo lao linali lakuti kulikonse kumene kampani ifuna kugulitsa, ayambe kufika ndi zitsulo zosinthira pamodzi ndi amakaniko ophunzitsidwa, ndipo galimoto zitsate pambuyo. Mlimi amene anaonapo thirakitala kapena cigayo cikukhala miyezi cosagwira nchito cifukwa ca kusowa kacitsulo kamodzi adzamvetsa nzeru ya lamulo limeneli. Kampani inayambanso kulandira mainjini akutha ndi kupatsa mwini galimoto injini yokonzedwanso pa mtengo wocepa. Mu 1955 anatsegula nthambi ya Volkswagen ku America, ndipo pofika 1968 anali kugulitsako magalimoto oposa 500,000 pa caka.

Maiko ena anafuna kuti magalimoto azilumikizidwa kwao komweko kuti anthu ao apeze nchito, ndipo a Nordhoff anabvomera. Ku Brazil kampani inakhazikitsidwa mu 1953, ndipo ku Mexico mu 1964. Muno m'Africa, Volkswagen yoyamba inalumikizidwa ku Uitenhage m'dziko la South Africa mu Ogasiti 1951, ndipo mu 1956 kampani ya ku Wolfsburg inagula gawo lalikulu la fakitale imeneyo, naigwiritsa nchito zaka zonse za ulamuliro wa tsankho. Kulimba kwa kagalimotoka pa miseu ya fumbi kunaoneka pa mpikisano wa Safari wa ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika, umene Volkswagen inapambana mu 1954, mu 1957 ndi mu 1962.

Pa 5 Ogasiti 1955 galimoto ya nambala 1,000,000 inaturuka m'fakitale ya Wolfsburg itapakidwa utoto wa golide, ndipo kunacitika cikondwerero cacikulu. Zinali zitangopita zaka 10 kucokera pamene malowo anali bwinja. Mafakitale ena anamangidwa ku Hanover mu 1956, ku Kassel mu 1958 ndi ku Emden mu 1964. Pofika zaka za m'ma 1960, magalimoto oposa theka la onse amene kampani inali kupanga anali kupita kunja kwa Germany.

Anchito ndi eni kampani

Tauni ya Wolfsburg inali pafupi ndi malire a East Germany, ndipo ambiri mwa anchito oyamba anali anthu othawa kwao, ofika opanda kanthu m'manja. A Nordhoff anawalipira malipiro oposa a m'mafakitale ena, anawapatsa gawo la phindu pa kutha kwa caka, ndipo kampani inamanga nyumba zambiri za mabanja ao. Pamene malire anatsekedwa kotheratu mu 1961 ndipo anthu analeka kubwera kucokera kum'mawa, kampani inayamba kulemba anchito a ku Italy mu 1962. Pa zaka zonse za utsogoleri wao sipanacitike sitalaka yaikulu m'fakitalemo. Anchito anali oposa 8,000 pamene anafika, ndipo anali oposa 100,000 pamene anamwalira. Koma ulamuliro wao unali wa munthu mmodzi. Anali ngati tate amene amadyetsa ana ace bwino koma salola mwana kumuyankha, ndipo anthu anali kuwacha mfumu ya Wolfsburg.

Panalinso mlandu wa anthu aja amene anamata masitampa m'nthawi ya Hitler. Iwo anasumira kampani ku bwalo la milandu, nafuna magalimoto ao. A Nordhoff anakana, ponena kuti ndalamazo sizinalowe m'thumba la kampani koma la bungwe la cipani, ndiponso kuti kupereka magalimoto ambiri cotere kukanagwetsa fakitale. Mlandu unatenga zaka zoposa 10, ndipo mu 1961 anagwirizana kuti munthu aliyense wotere acotseredwe mpaka Deutsche Mark 600 pogula galimoto yatsopano, kapena alandire mpaka 100 m'manja. Funso la mwini kampani linathetsedwa ndi lamulo la mu 1960. Boma lalikulu linasunga magawo 20 pa 100, boma la Lower Saxony linasunga 20, ndipo magawo 60 otsala anagulitsidwa kwa anthu wamba mu 1961.

Za anthu amene anazunzika m'fakitaleyo m'nthawi ya nkhondo, kampani inakhala cete m'zaka zonse za a Nordhoff. Mbiri yao inalembedwa mokwanira patapita nthawi yaitali, m'buku la katswiri wa mbiri yakale a Hans Mommsen limene linaturuka mu 1996, ndipo thumba la cipepeso kwa otsala amoyo linakhazikitsidwa mu 1998.

Pamene mphamvu inasanduka cofooka

Nzeru yogwira galimoto imodzi inapulumutsa kampani pamene anthu anali osauka. Koma pofika zaka za m'ma 1960 anthu a m'Germany anali atalemera, ndipo anayamba kuona zilema zimene kale sanali kuzisamala. Kagalimotoka kanali kopanikiza mkati, malo a katundu anali ocepa, injini inali yaphokoso, ndipo mphepo yamphamvu inali kukakankhira pambali pa mseu. Mu 1962 kampani ya Opel inaturutsa Kadett yatsopano ndipo ya Ford inaturutsa Taunus yatsopano, zonse ziwiri zotakasuka mkati. Makampani a Fiat ndi Renault anali kukula, ndipo a ku Japan, Toyota ndi Datsun, anali atayamba kulowa m'misika imene Volkswagen inali kuyesa yaceyace. Ku America boma linakhazikitsa malamulo atsopano oteteza anthu pa ngozi za pa mseu mu 1966.

Akatswiri a ku Wolfsburg anapanga magalimoto ambirimbiri oyesera amene akanalowa m'malo mwa Beetle, koma a Nordhoff anawakana limodzi ndi limodzi. Galimoto yokulirapo imene anailola mu 1961, yochedwa Volkswagen 1500, inali ndi thupi latsopano koma kapangidwe kace kanali komweko ka injini yakumbuyo yozizira ndi mphepo. Pakati pa 1964 ndi 1966 anagula kampani ya Auto Union ya ku Ingolstadt kwa a Daimler-Benz, makamaka pofuna malo ena opangiramo Beetle, ndipo analetsa akatswiri a kumeneko kujambula magalimoto atsopano. Mkulu wa akatswiriwo, a Ludwig Kraus, sanamvere. Anapanga galimoto yatsopano mobisa, ndipo pamene inaonetsedwa kwa a Nordhoff iwo anaikonda nailola. Imeneyi ndiyo Audi 100, imene inayamba kugulitsidwa mu 1968.

M'zaka za 1966 ndi 1967 cuma ca West Germany cinabwerera m'mbuyo kwa nthawi yoyamba citathere nkhondo. Magalimoto osagulidwa anadzala m'mabwalo a fakitale, ndipo anchito anauzidwa kukhala ku nyumba masiku ena. Nduna ya za cuma, a Franz Josef Strauss, inadzudzula kampaniyo poyera kuti inagona tulo pamene anzace anali kupita patsogolo. Mau amenewa anawapweteka mtima a Nordhoff, amene kwa zaka pafupifupi 20 sanamve cina koma mayamiko. Mwambi uja wakuti pakadafunda padajiwitsa galu unakwanira pa iwo, pakuti galimoto imene inawapatsa ulemu ndiyo imene sanathe kusiyana nayo. Anacedwanso kukonzekera wolowa m'malo mwao, ndipo anakhala pa mpando kupitirira msinkhu umene anzao anali kupumira.

Imfa yao ndi za pambuyo pace

M'caka ca 1967 anadwala nthenda ya mtima. Atapezako bwino anabwerera ku nchito, koma mphamvu zinali zitawathera. Anamwalira ku Wolfsburg pa 12 Epulo 1968, tsiku la Cisanu Coyera, ali ndi zaka 69. Thupi lao linagonekedwa m'nyumba ina ya m'fakitale, ndipo anchito zikwizikwi anadutsa pamenepo kudzatsazika. Anaikidwa m'manda a m'tauni momwemo, ndipo mseu waukulu wodutsa pafupi ndi fakitale uli ndi dzina lao. Udindo wao unatengedwa ndi a Kurt Lotz.

Beetle inapitiriza kugulidwa kwa kanthawi, ndipo pa 17 Febuluwale 1972 inapitirira ciwerengero ca magalimoto 15,007,033 cimene galimoto yakale ya Ford yochedwa Model T inafikapo. Koma bvuto limene a Nordhoff anasiya linakula, ndipo mu 1974 kampani inataya Deutsche Mark oposa 800 miliyoni m'caka cimodzi. Cimene cinaipulumutsa ndi luso locokera ku kampani ija ya Ingolstadt, la injini yakutsogolo yozizira ndi madzi, limene linabala Passat mu 1973 ndi Golf mu 1974. Motero kampani imene iwo anaigula pofuna kucurukitsa galimoto yao yakale ndiyo inabweretsa magalimoto amene anailowa m'malo. Beetle inapangidwabe ku Mexico kufikira pa 30 Julayi 2003, ndipo yotsiriza inali ya nambala 21,529,464.

Oweruza moyo wa a Nordhoff ayenera kuika zonse pa sikelo. Sanajambule galimotoyo, pakuti imeneyo inali nchito ya a Porsche, ndipo sanaipulumutse pa tsiku loyamba, pakuti imeneyo inali nchito ya a Hirst. Cao cinali kutenga fakitale yodontha, yopanda mwini ndi yopanda msika, ndi kuipatsa dongosolo, kusunga phindu m'malo molimwaza, kulipira anchito bwino, ndi kusamalira wogula ngakhale atalipira kale. Luso lomwelo analigwiritsa poyamba m'fakitale ya malole a Hitler, momwe munali anthu ogwira nchito mokakamizidwa, ndipo mbiri yao siingakambidwe moona popanda kuchula zimenezo. Tauni ya Wolfsburg, imene anaipeza iri misasa ya othawa nkhondo, lero iri ndi anthu oposa 120,000, ndipo likulu la kampani ya Volkswagen likali komweko.